Jenerale Gaston de Sonis: Msilikali wa Khristu, Bambo wa Ana Khumi ndi Awiri

Pa 15 Ogasiti 1887, tsiku limene Mpingo umakondwerera kutengedwa kwa Amayi Maria kumwamba, mumzinda wa Paris ku France mudamwalira bambo wina wa mwendo umodzi, wa zaka 61. Dzina lawo lidali Louis-Gaston de Sonis. Adakhala pa usilikali zaka pafupifupi makumi anayi mpaka kufika pa udindo wa Jenerale, koma chuma choti ana nkugawana sadasiye. Kwawoko amakumbukiridwa kwambiri chifukwa cha usiku umodzi umene adagona pabwalo la nkhondo, m'chisanu choopsa, mwendo utaphwanyika. Usiku umenewo ngwofunika kuusimba. Komabe munthu amene adaupirira adaumbidwa kale ndi zaka makumi awiri za moyo wa m'banja, ndipo mayeso ena aakulu adadzawapeza nkhondo itatha, pamene chimene chidali pa chiswe sudali moyo wawo koma chakudya cha ana awo.

Gaston adabadwa pa 25 Ogasiti 1825 ku Pointe-à-Pitre, pa chilumba cha Guadeloupe, kumene bambo ake ankagwira ntchito ya usilikali. Adapita ku France ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mayi ake adamwalira iye akadali mwana wa sukulu. Mu 1844, chaka chimene adasankhidwa kukaphunzira pa sukulu ya atsogoleri a asilikali ya Saint-Cyr, bambo akenso adadwala mwadzidzidzi namwalira mumzinda wa Bordeaux. Ana adatsala okha m'chipinda cha alendo, opanda ndalama, opanda mbale wowayang'anira. Wansembe wina wa chipani cha Ajezuwiti, amene sankawadziwa nkomwe, adalowa nakhala nawo kuwatonthoza. Gaston ankawerengera kutembenuka mtima kwake kuyambira tsiku limenelo. Alongo ake awiri adadzalowa usisiteri wa chipani cha Karimeli, ndipo iye mwini adakachita m'bindikiro kwa amonke a Benedikito Woyera ku Solesmes, kufuna kudziwa ngati Mulungu akumuitanira kumeneko. Adabwerako atatsimikiza kuti malo ake ndi pakati pa asilikali.

Atamaliza maphunziro a asilikali okwera pa akavalo ku Saumur, adamutumiza ku tawuni ya Castres. Kumeneko adaona namwali wina dzina lake Anaïs Roger, mwana wa mkulu wolemba ndi kusunga zikalata za malamulo. Adadalitsa ukwati wawo mu Epulo 1849, mkwati ali ndi zaka 23, mkwatibwi 17. Masiku omwewo a de Sonis adatuluka m'gulu la Freemason, limene adalowa ali ku Saumur osadziwa kuti Mpingo umaletsa. Pa phwando lina la gululo adamva okamba akunyoza chikhulupiriro, ndipo adaimirira anthu onse akuona, natuluka osadya.

Ana adayamba kubwera, ndipo sadaleke mpaka adakwana khumi ndi awiri. Malipiro a msilikali wa udindo wotsika sakadakwanira banja lotere, ndipo ngakhale pamene ankakwezedwa, ndalama zinkangodutsa m'manja. Chinkadya ndalama kwambiri ndi kusamuka. Lamulo likabwera, banja lonse linkamanga katundu, lero tawuni iyi, chaka chamawa ina, kenako kuwoloka nyanja. Pa zonsezi panali zinthu zingapo zimene sizinkasuntha. A de Sonis ankadzuka kukadali mdima kuti asinkhesinkhe Mawu a Mulungu, ankapita ku Misa tsiku lililonse pamene tchalitchi lili pafupi, ndipo madzulo banja linkapemphera pamodzi. Ali ku Limoges adalowa bungwe la Vincent de Paul Woyera nayamba kuyendera amphawi m'nyumba zawo atavala yunifomu, ndipo iwo ndi anzawo angapo adayambitsa mwambo wopembedza Yesu mu Ukaristia usiku wonse. M'gulu lankhondo la France la masiku amenewo mkulu wa asilikali wogwada poyera ankasekedwa. Iwo sankakangana ndi owasekawo, komanso sankabisa kolona yawo.

Mu 1854 adawatumiza ku Algeria, kumene adakhala zaka zambiri mpaka 1870. Mu 1859 adawoloka kukamenya nawo nkhondo ku Italy. Pa 24 Juni, pa nkhondo ya Solferino, adatsogolera gulu lawo la akavalo kulunjika mizere ya adani. Kavalo wawo adawomberedwa iwo ali pamsana, ndipo adabwerera wapansi pakati pa zipolopolo osavulala. (Nkhondo yomweyi ndiyo idamvetsa chisoni Henri Dunant wa ku Switzerland, ataona ovulala zikwizikwi atangosiyidwa, mpaka adadzayambitsa bungwe la Red Cross.) Chaka chomwecho, m'malire a Algeria ndi Morocco, kolera idalowa mumsasa wa asilikali ndi kupha anthu ochuluka kuposa amene adafa ndi mfuti. Wansembe padalibe pafupi. A de Sonis ankalowa m'matenti a odwala amene ena ankawathawa, kuwagwirizira mtanda ndi kupemphera nawo pamene akutsirizika. Mmodzi mwa amene adamwalira pa ulendowo ndi mkulu wawo weniweni, Arthur de Montalembert.

Za ku Algeria siziyenera kusimbidwa mokometsera. A de Sonis adali msilikali wa boma lachitsamunda limene lidalanda dziko la eni ake ndi mfuti. Tawuni ya Laghouat, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kummwera kwa Algiers, imene adadzailamulira, idagwa m'manja mwa France mu Disembala 1852, ndipo anthu ake ambiri adaphedwa pa kulandidwako. Iwo padalibe pamenepo, koma mpando umene adakhalapo udachokera m'magazi amenewo. Nzoona kuti adaphunzira Chiarabu mpaka kuchilankhula bwino, kuti ankakana mphatso za mafumu ofuna kukonderedwa pa milandu, ndiponso kuti Asilamu ambiri ankawalemekeza poona mzungu wopemphera ndi kusala zakudya osachita manyazi. Nzoonanso kuti dzanja lawo lidali lolemera. Mu Epulo 1861 gulu la anthu lidathira nkhondo mudzi wa Djelfa ndi kupha azungu angapo. A de Sonis adathamangirako, adazenga mlandu ogwidwawo pomwepo m'bwalo la asilikali, ndipo ena mwa iwo adawomberedwa. Akuluakulu a ku Algiers adagamula kuti apyola malire a mphamvu zawo, nawachotsa pa udindo. Mabuku owatamanda amadutsapo mofulumira pa nkhaniyi, koma anthu amene adawomberedwawo nawonso adali ndi akazi ndi ana. Chilango chawo a de Sonis adachilandira osadandaula. Adabwerera ku ntchito wamba ya m'gulu lawo, ndipo patapita nthawi adawapatsanso dera loti alamulire, poyamba Saïda, kenako Laghouat yemweyo.

Mayi Anaïs ankawatsata m'malo onsewa, ulendo wa masiku ambiri m'chipululu, khanda lili m'manja. Ana ena adamwalira ali aang'ono, naikidwa kutali ndi kwawo. Okulirapo adayenera kutumizidwa ku sukulu zogonera ku France, ndipo zaka zinkatha makolo osawaona. Apa mpamene pakuonekera bwino ubambo wa a de Sonis, chifukwa makalata awo adasungidwa. Ankalembera ana awo pafupipafupi, aliyense payekha, kufunsa za maphunziro, za kulapa, za Ukaristia woyamba, kudzudzula pofunika kudzudzula. Akakhala kutali ndi akazi awo pa maulendo a nkhondo, kalata inkanyamuka ndi mthenga aliyense wopezeka. Cha m'zaka zomwezi adalowa gulu lachitatu la chipani cha Karimeli, la akhristu eni ake okhala m'mabanja mwawo.

Mu 1867 ndi 1868 dziko la Algeria lidagwa m'njala yoopsa, itatsogozana ndi dzombe, chilala ndi miliri, ndipo anthu mazana a zikwi adafa. Episkopi wamkulu wa Algiers, Ambuye Charles Lavigerie, adasonkhanitsa ana amasiye, ndipo pofuna anthu ogwira ntchito imeneyi ndi yolalika adayambitsa mu 1868 chipani cha ansembe a White Fathers. Ndi chipani chomwechi chimene chidafika kwa Mponda ku Mangochi mu 1889 ndi kutsegula mishoni ya Mua mu 1902. Amene adalemba mbiri ya moyo wa a de Sonis, Monsinyolo Louis Baunard, ndi omwenso adalemba ya Kadinala Lavigerie.

Nkhondo ya pakati pa France ndi Prussia idabuka mu Julayi 1870, ndipo zinthu zidaipa msanga. Pa 2 Seputembala mfumu Napoleon III idagwidwa ku Sedan pamodzi ndi gulu lake lankhondo, ndipo pasanathe milungu itatu mzinda wa Paris udazingidwa. Boma latsopano lidasonkhanitsa mwaphuma magulu ena cha ku mtsinje wa Loire kuti akawombole likululo. A de Sonis adapempha kuti achoke ku Algeria akamenye nawo. Ana awo aamuna atatu, onse asanakwane zaka 21, adalowanso usilikali. Mayi Anaïs adatsala ku Castres ndi ang'onoang'ono, akudikira makalata a anthu anayi. Mu Novembala a de Sonis, amene tsopano adali Jenerale, adapatsidwa gulu lalikulu la nambala 17. Ambiri mwa asilikali ake adali anyamata ongotengedwa kumudzi, osaphunzitsidwa mokwanira, osowa nsapato ndi zovala zamphepo. M'gululi mudalinso kagulu ka anthu ozolowera nkhondo, amene kale ankateteza Papa Pius IX ku Rome, ndipo adabwerera kwawo mzindawo utalandidwa pa 20 Seputembala. Mtsogoleri wawo adali Athanase de Charette. Iwowa adali ndi mbendera yoyera ya Mtima Woyera wa Yesu, yosokedwa ndi asisiteri a ku Paray-le-Monial, nyumba imene Margaret Mary Alacoque Woyera adaonerako Ambuye.

Pa 2 Disembala 1870 lidali Lachisanu loyamba la mwezi. Kusanache a de Sonis ndi anzawo angapo adachita nawo Misa m'katchalitchi ka m'mudzi nalandira Ukaristia. Atayenda mtunda wautali ndi asilikali otopa, adafika madzulo pafupi ndi mudzi wa Loigny, kumene nkhondo idali itavuta kale. Asilikali ena a France adali atazingidwa m'manda a m'mudzimo. Jenerale adalamula gulu lina kuti lipite kutsogolo, koma anyamatawo adagona pansi, ena nayamba kuthawa. Poopa kuti mantha afalikira gulu lonse ndipo mizinga igwa m'manja mwa adani, adaitana a de Charette ndi anthu awo pafupifupi 300, kuwonjezapo timagulu tina, onse pamodzi ngati 800. Adalamula kuti mbendera ya Mtima Woyera itambasulidwe, ndipo iwo eni adakwera kavalo patsogolo. Woyamba kunyamula mbenderayo, Henri de Verthamon, adalasidwa. Adaitola bambo wina wa banja la de Bouillé, nayenso adagwa; adaitola mwana wake, nayenso chimodzimodzi. Mwa anthu 300 aja pafupifupi 200 adafa kapena kuvulala pa nthawi yosakwana ola limodzi. Mudziwo sadaulande. Akatswiri a mbiri ya nkhondo amatsutsanabe: ena amati kudzipereka kumeneku kudapulumutsa mizinga ndi kupatsa gulu lonse mpata wobwerera, ena amati mkulu wa gulu lalikulu chotere sadayenere kusiya udindo wake ndi kukatsogolera yekha kagulu kochepa.

Chipolopolo chidaphwanya fupa la ntchafu yawo yakumanzere. Asilikali awiri amene adali nawo adafuna kukhala pomwepo, koma iwo adawalamula kuti apite, kuopa kuti angagwidwe. Adangowatsamiritsa pa chishalo cha kavalo nkuwasiya. Mdima utagwa, chipale chidayamba kugwa, ndipo kuzizira kudatsika kwambiri kupyola pamene madzi amaundana. Ali chigonere adaona msilikali wa adani akutsiriza ndi thendere la mfuti mkulu wina wovulala pafupi nawo. Adaonanso msilikali wina wa adani omwewo akuwerama ndi kuwadonthezera chakumwa m'kamwa. Anyamata ena ovulala adakwawa kudzagona pafupi nawo, ndipo iwo adawalankhula za imfa ndi za chifundo cha Mulungu. Mmodzi adamwalira atatsamira pa phewa lawo. Pambuyo pake ankasimba kuti usiku wonsewo mtima wawo udali pa Amayi Maria a ku Lourdes, kumene adakachezako nkhondo isanafike poipa, ndipo kuti ululu weniweni adayamba kuumva pamene anthu adabwera kudzawanyamula. Adawapeza m'mawa dzuwa litakwera, nawatengera ku nyumba ya bambo mfumu a parishi ya Loigny, imene idali itadzaza kale ndi ovulala. Pa 4 Disembala adawadula mwendo wakumanzere. Phazi lakumanja nalo lidali litaumiratu ndi chisanu, ndipo lidawavutitsa moyo wawo wonse.

Ku Castres uthenga udafika wosamveka bwino. Mayi Anaïs adasiya ana m'manja mwa abale nanyamuka m'nyengo yachisanu, kudutsa m'dziko limene njanji zidali zitaduka ndipo misewu ili m'manja mwa adani, akufunsa m'zipatala ndi m'matawuni. Adawapeza patatha masiku ambiri, Khrisimasi itayandikira, ndipo adakhala nawo kuwadwazika mpaka adatha kuyenda ulendo wobwerera kwawo. Ana atatu aja adabwerako amoyo.

Munthu wina akadapuma pamenepo. A de Sonis, ndi ana ambiri ofunika sukulu, sakadatha, komanso sankafuna. Adapangitsa mwendo wamtengo, naphunziranso kukwera kavalo, ndipo adalamulira magulu a asilikali ku Rennes, ku Saint-Servan, kenako ku Châteauroux. Ankagwa, ankavulala, ankakweranso. Kunyumba Jenerale wotchukayu ankakhala pa tebulo ndi ana ake aang'ono kuwathandiza za kusukulu ndi katekisimu.

Mayeso aja adafika mu 1880. Boma la France la nthawiyo lidali pa mkangano waukulu ndi Mpingo pa nkhani ya sukulu. Pa 29 Malichi lidatulutsa malamulo othetsa chipani cha Ajezuwiti ndi kulamula zipani zina kuti zipemphe chilolezo. Zipanizo zitakana, apolisi adayamba kuthyola zitseko za nyumba za ansembe ndi amonke ndi kuwatulutsira kunja, Ajezuwiti kumapeto kwa Juni, ena mu Okutobala ndi Novembala. M'malo ambiri asilikali ankaitanidwa kudzathandiza. A de Sonis adali munthu womvera. Adatumikira mfumu, adatumikira maboma osankhidwa ndi anthu, adapita kulikonse kumene adatumidwa, ndipo atachotsedwa pa udindo mu 1861 sadatsegule pakamwa. Koma lamulo lotuma anyamata awo kukagwira ansembe sadathe kulipereka. Sadauze asilikali kuti agalukire boma, ndipo sadapite ku nyuzipepala kukadzitchukitsa. Adalembera akuluakulu awo kupempha kuti awachotse pa udindo. Mkulu wawo, Jenerale de Galliffet, amene sadali munthu wa zopemphera koma ankawalemekeza, adayesetsa kuwabweza, osaphula kanthu.

Mtengo wake udali woonekeratu. Adali ndi zaka 55, mwendo umodzi, opanda munda, opanda ndalama zosunga, ana ena akadali pa sukulu. Malipiro adatsika, ndipo banja lidachoka m'nyumba ya boma kukakhala m'nyumba yaing'ono ya lendi m'tawuni yomweyo imene dzulo lake ankaperekeredwa sawatcha. Kulimba mtima kwa ku Loigny kudali kwa madzulo amodzi, ng'oma zikulira, mbendera ili patsogolo. Uku kudali kwa miyezi, kopanda woombera m'manja, ndipo amene adakusenza pamodzi nawo ndi mayi Anaïs, amene adayenera kudyetsa nyumba yonse ndi ndalama zochepazo.

Chaka chotsatira boma lidawaitananso, nkuwapatsa ntchito yoyendera magulu a asilikali a akavalo, akukhala ku Limoges. Thupi lidali litatopa. Mu 1883 adatsika pa kavalo kotheratu nasamukira ku Paris, kumene adangotsala ndi ntchito yopepuka ya mu ofesi. Zaka zinayi zotsirizazi zidali za ululu wosatha ndi za pemphero. Ankafunika kunyamulidwa pokwera masitepe, iwo amene adayenda chipululu cha Sahara pa kavalo. Mwana wawo wamkazi mmodzi adali kale sisiteri wa chipani cha Mtima Woyera, ndipo wina, Germaine, adadzalowa Karimeli monga azakhali ake. Adamwalira atalandira masakramenti, akazi awo ali pambali, patangotsala masiku khumi kuti akwanitse zaka 62.

Adaikidwa pa 22 Seputembala 1887 m'chipinda chapansi cha tchalitchi latsopano la ku Loigny, pafupi ndi mafupa a asilikali oposa 1,000 amene adafa pa nkhondo ija. Ulaliki wa pa maliro adapereka ndi Ambuye Freppel, episkopi wa Angers. Pa mwala wa manda awo adalembapo, monga adafunira eni ake, mawu awiri okha a Chilatini otanthauza msilikali wa Khristu. A de Charette, amene adapulumuka pa nkhondoyo atavulala, adadzaikidwa m'chipinda chomwecho atamwalira mu 1911. Dayosizi ya Chartres idatsegula mu 1928 ntchito yofufuza moyo wawo kuti aone ngati angatchulidwe Wodala, ndipo manda atatsegulidwa mu 1929 thupi lidapezeka lisanawole. Mpingo sunagamule nkhaniyi mpaka lero, ndipo pakadali pano amatchedwa Mtumiki wa Mulungu. Mudziwo tsopano umadziwika ndi dzina loti Loigny-la-Bataille, ndipo chaka ndi chaka, kumayambiriro kwa Disembala, anthu amasonkhana m'tchalitchimo pa Misa yopempherera onse amene adafera pamenepo, a ku France ndi a ku Germany omwe.